Windo la Apongozi

Lolemba, 22 Okutobala

M'mawa. Sabata ino ndikapanda kuchenjera, ndathera m'chigayo. Ndilembe bwinobwino kuti mawa ndisadzati sanandiuze.

Apongozi aamuna, a Ngozo, atopa nane. Chikwatirireni mwana wawo Nangozo ndikukhala mu boyizikota kuseri kwa nyumba yawo kuno ku Kawale, ndipo tsiku lililonse amandiona ndikutuluka ndi kamera m'khosi. Akuti imeneyo si ntchito, ndi kuyendayenda ndi chingwe ngati mbuzi yothawa. Dzulo anandiitana pakhonde, iwo pampando ine pansi, n'kugamula mlandu ndisanatsegule pakamwa.

Chigamulo:

1. Mpingo ukufuna chithunzi cha m'kati mwa tchalitchi chathu, cha pa kalendala ya 2008. Wapampando wa komiti ndi iwo omwe, paja ndi mkulu wa mpingo.
2. Ndikachipereke Lamulungu tikaweruka mapemphero.
3. Chikakhala chabwino, andisiya ndi kamera yanga mpaka kalekale.
4. Chikakanika, Lolemba likubwerali ndikayambe ntchito ku chigayo chawo.

Ku chigayo! Ine! Ufa m'mphuno, ufa m'makutu, ufa m'nsidze, anthu n'kumandipatsa moni wa agogo ndili ndi zaka makumi atatu!

Ndipo kwa iwo chithunzi chabwino ndi chinthu chimodzi basi: windo lawo lioneke. Pomanga tchalitchi, banja lililonse lopezako bwino linagula windo, dzina n'kulembedwa ndi penti pagalasi la m'munsi. Lawo ndi lachitatu kumanzere ukamayang'ana kugome. MPHATSO YA BANJA LA A NGOZO, zilembo zofiira psuu. Ojambula anayi ayesa kale, onse alephera. Ukafuna kuti mabenchi aoneke, mawindo amangoti mbee, dzina osaoneka. Ukafuna kuti mawindo aoneke, m'kati monse bii ngati m'phanga.

Masana. Koma sakudziwa kuti mkamwini wawo anapita patsogolo! Kamera yanga si ya filimu ayi, ndi ya dijito, anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Joni. Ndipo Loveness, chemwali woyang'anira intaneti kafe ku Chilinde, wandionetsa njira yatsopano pa kompyuta. Akuitcha HDR. Ndaona matchalitchi a kunja ojambulidwa mwa njira imeneyi, ndangoti kukamwa yasa. Denga likuoneka, pansi pakuoneka, mawindo akuoneka, ngakhale mitambo ya kunja kwa windo ikuoneka!

Kachitidwe kake:

Chithunzi choyamba, chakuda. Ichi chimagwira za m'mawindo.
Chachiwiri, chapakati.
Chachitatu, chowala. Ichi chimagwira za mumdima.
Kenako kompyuta imasoka zitatuzo kukhala chimodzi.

Lamulo ndi limodzi: pasagwedezeke kanthu. Kamera isagwedezeke, munthu asadutse, ngakhale nkhuku. N'zophweka zimenezi. Lachitatu ndikhala nditamaliza, masiku otsalawo ndizingopuma.

Ndauza Nangozo kuti bambo ake adzalira ndi chimwemwe. Wayankha kuti, "Mugule makala pobwera."

Lachiwiri, 23 Okutobala

Kamera imafuna sitandi ya miyendo itatu. Ndilibe. Ndatenga tebulo lositira zovala la Nangozo ndi kathumba ka nyemba kotsamiritsa kamera. Tebulo pamutu, nyemba m'khwapa, ulendo. Ndisanafike pamphambano, anthu atatu andifunsa kale ngati apongozi andithamangitsa. Wina mpaka wandipepesa. Anthu a ku Kawale!

Ndafika seveni koloko ndikuganiza kuti ndipeza zii. Mayo ine! Kodi tchalitchichi chimapuma liti? Mlonda, a Mbewe, andiwerengera m'zala:

Seveni mpaka hafu teni, ana a sukulu ya mkaka.
Thwelofu koloko, mapemphero a masana.
Kenako a kalasi.
Kenako kwaya ya amayi.
Kenako kwaya ya achinyamata.
Kenako kwaya imene inagalukira ku kwaya ya achinyamata.

Ndiye kuti mpata ndi umodzi wokha, kuyambira hafu teni mpaka thwelofu. Chabwino. Ndadikira pansi pa mthethe, tebulo pambali, ngati wogulitsa malonda amene katundu wake wabedwa.

Hafu teni. Ana atuluka. Ndauza a Mbewe kuti ndikufuna m'kati musakhale munthu. Andiyang'ana ngati ndatukwana. "Mukufuna kujambula mabenchi? Ndi abale anu mabenchiwo?" Ndafotokoza. Agwedeza mutu kuti amva. Asowa pang'ono, abwera atavala jekete, aima njo pakati penipeni pa tchalitchi!

Kuwachotsa kwakanika, akuti makiyi ali m'manja mwawo ndiye akuyenera kuoneka. Ndawapempha kuti basi angoima osagwedezeka. Alonjeza. Choyamba, achita sawasha. Chachiwiri, manja m'thumba. Chachitatu, anyamula Baibulo. Akuti chithunzi chilichonse chikhale ndi sitayilo yake, munthu sajambulitsa katatu mofanana ngati wa pa chiphaso.

Ndisanayambirenso, alowa amayi awiri ndi zikolopa. Aona kamera. Zikolopa pansi, mipango kukonza. Mmodzi wathamanga kukaitana anzake. Mphindi khumi zokha, mabenchi atatu adzaza, wina wabwera ndi khanda lovala suti. Abale inu, ndani anawauza?

Madzulo. Ku kafe. Kompyuta yasoka. A Mbewe atuluka ndi mitu itatu ndi manja asanu, gome likuonekera m'mimba mwawo. Loveness waseka mpaka kugwa pampando. Ine sindikuseka. Koma taonani kumanzereko, mawindo akuoneka! Zilembo zikuwerengeka pang'ono! Njirayi ikugwira, vuto ndi anthu basi.

Nangozo akufuna tebulo lake. Nyembanso akuti zinali za ndiwo za lero.

Lachitatu, 24 Okutobala

M'mawa. Ndakumana ndi apongozi pageti, ndanjuta. Jekete yabulawuni, chipewa chawo cha nthenga, chikwama m'khwapa. Akuti akupita ku Kanengo kukagula lamba wa chigayo. Andiyang'ana, ayang'ana tebulo lili pamutu pangali, apukusa mutu, ulendo.

Hafu teni. Mwayi wanga lero! Kwagwa maliro ku Biwi, amayi onse apita kumeneko. Pepani anamfedwa, koma ine mtima pansi. A Mbewe ndawajambula kaye pageti kasanu, sitayilo zisanu, akhuta, akhala panja.

M'kati zii. Ndekha. Tebulo kumbuyo kwenikweni, pakati pa mizere ya mabenchi, nyemba zina zobwereka, kamera phee. Leveni koloko ikukwana ndikujambula. Chakuda. Chapakati. Chowala. Kupuma komwe ndaleka. Palibe chagwedezeka!

Masana. Ku kafe magetsi azima. Ndakhala pakhonde maola awiri, kamera ndaifungatira ngati khanda.

Folo koloko. Ayaka. Loveness walowetsa zitatu zija. Kompyuta yaganiza, yaganiza, yaganiza.

Ambuye wanga!

Kodi tchalitchi chathu chomwechi? Ndapempheramo zaka zinayi koma sindinachionepo! Mitengo ya denga iliyonse payokha, mpaka misomali. Simenti yofiira ya pansi ikunyezimira ngati mwathiridwa madzi. Nsalu ya pagome, ulusi uliwonse. Kuwala kukutsika m'mawindo n'kugona pamabenchi. Ndipo mawindo onse asanu a kumanzere, dzina lililonse likuwerengeka, kuseri kwake mitengo yobiriwira ndi thambo. Misozi yalengeza, sindikunama. Anthu a pa makompyuta ena asiya zawo, adzaima kumbuyo kwanga. Wina akufunsa ngati ndi ku Ulaya. Ndayankha kuti ndi ku Kawale, achimwene, ndipo wojambula ndi ine.

Chigayo, tsala bwino!

Anthu abalalika. Ndati Loveness akulitse windo lachitatu, ndione dzina la apongozi. Wakulitsa. MPHATSO YA BANJA LA A NGOZO, kuwala kwake! Kenako akuti, "Achimwene, nanga bambo awa ali kuseriwa ndani?"

Bambo ati?

Kuseri kwa galasi. Kupitirira mpanda wa tchalitchi, pachitunda paja pali nyumba ya Anachisale ofulula masese. Pansi pa mtengo wa mango. Benchi. Pabenchipo munthu. Jekete yabulawuni. Chipewa cha nthenga. Chikwama m'khwapa. Pamiyendo chipanda, chachikulu ngati mutu wa mwana.

Ayi. Ayi, ayi, ayi.

Ku Kanengo kuja ndi kumeneku?

A Ngozo! Mkulu wa mpingo! Amene pa Pasaka anachotsa amuna atatu pa mgonero chifukwa cha mowa! Amene pa ukwati wathu ananunkhiza botolo lililonse la thobwa! Ndipo pa anthu onse a mu Lilongwe muno, iwo okha ndi amene asunga lamulo la kamera yanga. Zithunzi zitatu, osagwedezeka ngakhale chala. Akuoneka bwino kuposa gome.

Ndauza Loveness kuti sindikuwadziwa. Mawu atuluka ngati a nkhuku yachitopa.

Lachinayi, 25 Okutobala

Kadzutsa wakanika kulowa. Nangozo akufunsa ngati ndi malungo. Ndavomera.

Ndikudzilimbitsa mtima. Mwina linali tsiku limodzi lokha. Mwina anangopita kukalalikira. Inde, kukalalikira, chipandacho analanda kwa munthu wina kuti amupulumutse. Ndijambulanso lero, nkhani ithe.

Apongozi pageti akuti lero akupita ku Nsungwi kukaona wodwala.

Hafu teni. Tebulo, nyemba, kamera. Benchi la pachitunda lili lokha. Zikomo Ambuye! Koma amayi a Lachinayi atumiza anthu awiri kudzapaka polishi pokonzekera msonkhano wawo wa masana. Ndawapempha, ndawachonderera, ndawathandiza ndekha kukwecha ndi chikolopa kuphazi. Atuluka itatsala pang'ono leveni. Ndathamangira ku kamera. Ndasuzumira.

Chipewa cha nthenga chikukwera chitunda!

Wodwala wa ku Nsungwi uja! Akhala pabenchi pomwe paja, malo omwe aja, ngati pali chizindikiro. Anachisale abwera ndi chipanda, agwada, apereka. Palibe ulaliki uliwonse. Amwa. Apukuta ndevu. Atsamira mtengo, maso kuno ku tchalitchi. Ine ndadzigwetsa pansi kuseri kwa benchi la m'tchalitchi ngati wakuba ndine.

Zimene ndayesa, chokwawa:

Kamera pansi penipeni kuti m'windo muoneke thambo lokha. Mabenchi akutchinga dzina.
Kusunthira kutsogolo. Chipilala chikutchinga windo lonse.
Kusunthira kumanja. Akuonekabe, tsopano ndi nsapato zomwe.
Kujambula chotembenuka, kuchokera kugome. Gome silikuoneka, komiti singalole kalendala yopanda gome.
Kudikira kuti anyamuke. Thwelofu yakwana, a mapemphero a masana alowa ndi ng'oma, iwo akadali phee.

Madzulo. Ku kafe. Ndapempha Loveness kuti awafufute bambo osadziwikawo. Wandiyang'ana m'mbali, koma wayesa. Tsoka lake, ali kuseri kwenikweni kwa dzina lawo. Chipewa chili pakati pa N ndi G, chipanda pansi pa Z. Ukafufuta munthu, zilembo zikupita naye limodzi. Wayesa kuwaphimba ndi masamba a mango, windo likuoneka ngati wina waligenda ndi matope. Wayesa kuwadetsa, angosanduka chimthunzi chovala chipewa cha nthenga, ndipo ku Kawale konse chipewa chimenecho n'chimodzi.

Loveness akuti, "Koma achimwene, munthu wosamudziwa mukumutulukira thukuta chonchi?"

Pobwerera ndawapeza pakhonde akuwerenga Baibulo, magalasi pamphuno. Andiuza kuti wodwala uja akupezako bwino. Ndayankha kuti tithokoze Mulungu. Nanga ndikanati chiyani?

Lachisanu, 26 Okutobala

Mutu umodzi susenza denga. Ndatsukitsa chithunzicho m'tauni, chachikulu, ndachiika mu envulopu, ndakwera minibasi ya ku Area 23 kwa amalume, ankhoswe anga. Mkamwini sangauze apongozi ake maso ndi maso kuti bambo, sunthani benchi. Pakamwa pangapa sipangatuluke zimenezo. Nkhani zolemera zimadzera kwa ankhoswe, ndiye ankhoswewo agwire ntchito.

Amalume achiyang'ana nthawi yaitali. Ayamikira denga. Ayamikira simenti. Ndaloza windo. Avala magalasi. Aseka, abale, aseka mpaka kutsokomola, azakhali abwera ndi madzi.

Mawu awo, mmene ndikuwakumbukira:

"Unkhoswe wanga ndi wa iwe ndi mkazi wako. Ludzu la apongozi ako silinali pa chinkhoswe."

"Ukufuna ndivale jekete, ndikagogode kwa a Ngozo, ndikati tabwera ndi nkhani ya chipanda? Undiphetsa iwe."

Ndiye ndatulutsa maganizo amene akhala akundinong'oneza kuyambira dzulo. Ndati bwanji ndingowaonetsa chithunzichi patokha pakhonde, osanena kanthu? Akachiona, za chigayo sadzazitchulanso mpaka imfa. Amalume kuseka kwatha. "Mkamwini asamakule mwendo. Kamera udzakhala nayo, inde. Koma bamboyo sadzakuyang'ananso kumaso, ndipo mkazi wako adzadziwa kuti unagwira bambo ake pakhosi. Udzadya nawo bwanji?"

Ndafunsa kuti nanga nditani. Akuti ndinalakwa kugula kamera yoona zambiri.

Thandizo la ankhoswe limenelo! Minibasi ziwiri!

Masana, cha m'ma thu. Ndazungulira njira ya kuseri, ndakwera chitunda, ndalowa kwa Anachisale koyamba m'moyo wanga, chipewa ndakokera kumaso. Pempho langa laling'ono: mawa benchi lija alisunthire kuseri kwa nyumba, tsiku limodzi lokha.

Anachisale manja m'chiuno. "Benchi la a Ngozo? Anakhomesa okha kwa kalipentala. Miyendo yake anaikwirira ndi simenti."

Simenti!

Ndafunsa kuti chifukwa chiyani pamenepo penipeni, poyera chonchi, bwalo lonseli. Akuti ndikhalepo ndione. Ndakhalapo. Kutsogolo kwanga, pakati pa nthambi ziwiri, windo lachitatu lili ndendende. Zilembo zofiira zikuoneka chobwerera m'mbuyo, koma zikuoneka.

"Chiikireni windo limenelo amabwera leveni koloko, kupatula Loweruka ndi Lamulungu. Sayankhula ndi munthu, savuta, saimba. Amamwa chipanda chimodzi akuyang'ana windo lawo, kenako katulo pang'ono, basi. Amati pa zonse anagwira m'moyo, chooneka ndi chimenecho."

Ndimafuna kukwiya koma mkwiyo sukubwera. Anachisale andifunsa ngati andithirire. Ndakana. Ndanama ndikati sindinaganizeko.

Koma dikirani! Kupatula Loweruka! Mawa benchi likhala lopanda munthu! Ndapulumuka!

Loweruka, 27 Okutobala

Sindinapulumuke.

Ukwati! Ndinaiwala bwanji kuti Loweruka ndi la maukwati? Awiri, wina naini koloko wina thwelofu. Ndafika ndi tebulo langa, ndapeza tchalitchi chavala. Mabaluni, maliboni, maluwa apulasitiki, ndipo mawindo onse akutidwa ndi nsalu zapinki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndapempha mayi wokongoletsa kuti avundukule limodzi lokha kwa mphindi zisanu. Akuti ndikayambe ndapempha mkwatibwi. Benchi pachitunda lili lokhalokha, dzuwa lili bwino, ine ndili ndi kamera m'manja. Ndikanalira, koma anthu akanayesa ndine chibwenzi chakale cha mkwatibwi.

Nsalu achotsa mawa m'mawa, mapemphero atatsala pang'ono kuyamba. Mpata watha.

Masana. Kunyumba. Nangozo wakhala pamphasa, zochapa zili pambali zosachapidwa, envulopu ili pamiyendo. Ndinaisiya pansi pa malaya a dzulo.

Ndayamba kufotokoza kuti kompyuta nthawi zina imalakwitsa, imatha kuika munthu pamene palibe. Wandidula. "Chipandacho n'chaching'ono. Kale ankamwera chachikulu."

Ha?

Akudziwa! Akuti anadziwa ali Fomu 2. Amayi ake akudziwa. Alamu anga a ku Joni akudziwa. N'chifukwa chake chakudya cha masana cha apongozi chimakhala ndi tsabola wambiri, n'chifukwa chake pawindo la kuchipinda kwawo pamakhala timaswiti ta mpweya wozizira tosatha. Nyumba yonse ikudziwa! Amene sadziwa kuti anthu akudziwa ndi iwo okha. Zaka zinayi ndikunjuta pageti, kufunira anthu ulendo wabwino wa ku Kanengo, ine ndekha chitsiru cha pabwalo!

Ndafunsa kuti nanga bwanji osandiuza. Akuti, "Munali musanafunse."

Kenako wachiyang'ananso chithunzicho, nthawi yaitali, chala chikuyenda padenga, pamabenchi. Akuti sankadziwa kuti ndimatha chonchi. Zaka zinayi, lero ndi tsiku loyamba kunena zimenezo. Mtima wanga wasungunuka, ndipo nthawi yomweyo wawawa.

"Koma kudziwa n'kwina. Kupachika pakhoma m'nyumba iliyonse ya mu mpingo, miyezi khumi ndi iwiri, n'kwinanso. Adzawavula ukulu pamaso pa anthu. Bambo aja sangakhale moyo."

Sanandiuze chochita. Wangondibwezera envulopu, wanyamula beseni, wapita kumpopi. Bola akanandikalipira.

Ndayesa kudzinamiza. Pa kalendala chithunzi chimachepa, mwina anthu sadzaona. Bodza. Anthu a mpingo wathu akalandira kalendala, chinthu choyamba aliyense adzathamangira mawindo kufuna dzina la kwawo, ena ndi magalasi awiri. Ndipo amuna atatu a pa Pasaka aja adzakhala oyamba.

Madzulo, dzuwa lisanalowe. Apongozi andiitana pakhonde. Iwo pampando, ine pansi.

"Windo langa likuoneka?"

Likuoneka, bambo.

"Bwinobwino?"

Kwambiri, bambo.

Amwetulira! Sindinawaonepo akumwetulira kwa ine. Akuti mwina anandiweruza msanga. Akuti agula kale felemu, chimodzi adzapachika pabalaza pamwamba pa wailesi. Alamula kuti andipatse chiwindi cha nkhuku ya mawa. Chiwindi, abale! Chimene amadya okha chikhalire!

Ndabwerera ku boyizikota.

Lamulungu, 28 Okutobala

M'mawa. Maenvulopu awiri pabedi. Ina muli chija. Ina muli chapakati chokha, chosasoka, chimene ndinatsukitsa Lachisanu lomwelo kuti ndizifanizira: mabenchi akuoneka, gome likuoneka, mawindo onse mbee ngati a ojambula anayi aja. Ndavala tayi, ndavula, ndavalanso. Nangozo akumanga mpango, sakundiyang'ana.

Ndanyamula imodzi.

Mapemphero. Ulaliki sindinaumve. Apongozi ali kutsogolo pa mpando wa akulu, khosi gwa, nyimbo akuyambitsa ndi iwo. Ine maso ali pawindo lachitatu. Kuchokera pamene ndakhala, ndi maso wamba, kunja kukungooneka kuwala basi. Zaka zonsezi mpingo wonse umayang'ana pamenepo osaona kanthu.

Taweruka. Kuchipinda cha akulu. Abusa, komiti ya anthu asanu ndi mmodzi, apongozi pakati. Ayamba ndi mawu oyamba, akuti mkamwini wawo wabwera ndi luso la kunja limene Kawale sanalionepo. Ndagwada, ndapereka ndi manja awiri.

Atsegula.

Achiyandikiza kumaso. Achitalikitsa. Avula magalasi, apukuta, avalanso. Chala chawo chili pawindo lachitatu, poyera mbee, palibe ngakhale chilembo chimodzi. Chithunzi chayenda dzanja ndi dzanja. Mayi wina wa komiti akuti, "Mabenchi atuluka bwino." Abusa akhosomola.

Apongozi andiyang'ana. Nkhope imene ija ya dzulo yapita. "Dzulo munati likuoneka."

Ndinalakwitsa, bambo.

"Kulephera ndi kwina, bodza ndi kwina. Mwandichititsa manyazi pamaso pa abusa." Atembenukira kwa anzawo. "Ndinanena ine. Kamera si ntchito."

Ndinali ndi mawu okwana minibasi yonse pakhosi pano. Ndameza onse. Ndati pepani, bambo.

Komiti yagwirizana kuti pa kalendala paikidwe chithunzi cha abusa ndi amayi busa, ngati chaka chatha ndi chaka chinacho. Kuwomba m'manja. Pemphero lotsekera atsogolera ndi apongozi, apemphereranso achinyamata a masiku ano kuti aphunzire kunena zoona.

Masana. Chiwindi chapita kwa mwini wake. Ine ndalandira khosi.

Envulopu inayo ndaipereka kwa Nangozo. Watulutsa chithunzi chija, wachiyang'ana komaliza, wandiyang'ana ine, wachiika pambaula. Chapsa msanga, denga, mabenchi, windo, chipewa. Chithunzi chabwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo, ndipo amene achiona ndi mkazi wanga, amalume, Loveness ndi anthu anayi osawadziwa a pa kafe. Zikundiwawa, ndisaname. Nangozo wandithirira tiyi wa mkaka mu kapu ya alendo.

Madzulo. Pakhonde. Iwo pampando, ine pansi. Malangizo a ntchito: sikisi koloko ndikhale nditafika. Ndizisesa ndisanayatse injini. Ndisamacheze ndi amayi odzagayitsa. Kamera itsale kunyumba.

Ndanyamuka kuti ndizipita, andibweza.

"Chinanso. Cha m'ma leveni ndimatulukako pang'ono, timisonkhano ta mpingo. Ndakhala ndikusowa munthu wapabanja woti ndizimusiyira chigayo nthawi imeneyo. Muzikhalapo inuyo mpaka ndibwere."

Chabwino, bambo.

Nangozo wandipezera ovolosi yakale ya alamu. Miyendo yake ndi yaifupi, koma akuti ufa sufuna sitayilo.